Mapini Pakamwa pa Mayi Wailesi

Dzina loti Wailesi anamupatsa ndi amuna ake omwe, chaka choyamba cha ukwati wawo, ndipo linamukanirira mpaka imvi. Ankati mkazi wawo akangodzuka amakhala wayatsidwa kale, koma pozimitsira anaiwala kumuikira. Mayi Wailesi sankakwiya nazo. Akwiyirenji pomwe zinali zoona? Ankalankhula akuponda makina osokera, ankalankhula akuyeza kasitomala m'chiuno, ankakalipira ngakhale ulusi ukamakana kulowa pa singano. Nthawi yokhayo imene pakhonde pake pankakhala bata inali pomwe wapana mapini pakamwa popinda diresi. Aphunzitsi, amuna akewo, akadutsa nthawi imeneyo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Tiyeni tithokoze, magetsi azima."

Aphunzitsi anaphunzitsa Chingerezi zaka zoposa makumi atatu, ndipo chuma chawo chonse cha ntchitoyo chinali zitini ziwiri. China chinali chachikulu, cha mabisiketi. China chinali kachitini ka mkaka wa ufa, kopindika chivindikiro. Ankalemba ziganizo pa makatoni akale, Mayi Wailesi n'kumazidula liwu ndi liwu. Ankadulira sizasi yakale yobuntha, chifukwa sizasi yake ya nsalu sinkakhudza pepala ngakhale atapempha ndi mwamuna wokondedwa chotani. M'chitini chachikulu munkalowa mawu amene aphunzitsi ankati ndi onyamula katundu, mayina a zinthu, zochita, ndi ofotokoza mmene chinthu chilili, monga table, run, green. Amenewo ukangowamva chithunzi chimabwera m'mutu. M'kachitini munkalowa timawu tating'ono ngati the, of, but, with, timene ukatitola patokha sungaloze ndi chala chimene tikunena. Ana m'kalasi ankatola mawu uku ndi uku n'kumanga chiganizo pa desiki.

"Nanga timawu tosanena kanthuti mumatisungiranji?" Mayi Wailesi anafunsa tsiku lina, chala chitatupa ndi sizasi.

Aphunzitsi anatola zidutswa za nsalu zimene zinali pa tebulo lake, mkono uku, kolala uku.

"Iyi ndi diresi, mayi?"

"Sinasokedwe. Ikani pansi, mundidetsera."

"Chatsala n'chiyani kuti ikhale diresi?"

"Ulusi, nanga n'chiyaninso?"

"Basitu. Ulusi wa Chingerezi ndi umene uli m'kachitinimu. Palibe amene amagula diresi chifukwa cha ulusi, koma tauchotsa uone mmene mwini wake athawire mumsewu."

Anamuuzanso kuti chitini chachikulu chimanenepa chaka ndi chaka, poti anthu salekeza kupanga zinthu zatsopano zofuna mayina, koma kachitini kamangokhala ndi timawu tomwe tija. Vuto la timawu tating'ono linali loti sitinkachedwa kusowa. Tinkagwera pansi pa madesiki, tina tinkapita kunyumba m'matumba a ana. Choncho Mayi Wailesi anadula but ndi with kambirimbiri, mpaka ankatizindikira ndi maso ngati nkhope za aneba. Ankadziwa kuti koyambako ndi "koma", kachiwiriko ndi "pamodzi ndi". Chingerezi chake sichinapitirire pamenepo kwenikweni, ndipo sichinamusowetsepo tulo.

Aphunzitsi atapuma pantchito zitini zija zinakwera pamwamba pa kabati n'kuyamba kusonkha fumbi. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa wina akupolisha nsapato zawo pakhonde, burashi inawagwa m'manja. Anawerama kuti aitole, koma sanadzukenso. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako patatha milungu itatu, mkono wamanja uli lende, mwendo ukukwekwesa pansi, nzeru zonse zili m'malo mwake. Chimene chinatsalira kuchipatala kuja chinali ulusi. Munthu amene ankatha kuyamba chiganizo pa geti n'kukachimalizira m'chipinda tsopano ankangoti, "Madzi." Akalimbikira ankati, "Zenera. Mphepo." Zinali choncho m'Chichewa, zinali choncho m'Chingerezi. Mawu akuluakulu ankabwera, ngakhale mochedwa, koma tating'ono tolumikizira tija tinali titapita.

Mayi Wailesi anamva chisoni choti sanachimvepo chibadwire. Koma sanali munthu wokhala manja ali m'khosi, ndipo anaona kuti apa ndiye pakufunika pakamwa ngati pake. Aphunzitsi akangoti "Madzi," iye anali atamaliza kale: "Mukufuna madzi akumwa, osazizira kwambiri, m'kapu yanu ya buluu ija, eti bambo?" Akati "Zenera," iye anali atalitsegula kale. Alendo obwera kudzazonda matenda ankafunsa aphunzitsi, yankho n'kuchokera kwa Mayi Wailesi, ndipo ankatuluka akugwedeza mutu kuti banja koma limeneli, mmodzi akayamba wina amamaliza. Iye ankanyadira mumtima. Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati, angalephere kudziwa chimene mwamuna wake akufuna?

Mwezi wachinayi kunabwera mwana wawo woyamba, amene kuyambira ali wakhanda ankangomutchula kuti Chisamba. Ankagwira ntchito mu ofesi mumzinda waukulu, ulendo wa maola asanu pa basi, ndipo ankakhala m'nyumba yam'mwamba ya zipinda ziwiri ndi mwamuna wake ndi ana awiri. Anatengera mayi ake changu cha pakamwa, n'kutengera bambo ake kusakonda zozungulira. Anakhala pa mpando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi, ababa sakusintha. Dokotala wa zolankhula kuno amabwera kawiri pamwezi. Kwathu kuja aliko wa tsiku lililonse, pafupi ndi kuntchito kwanga. Ndikufuna ndiwatenge."

"Uwatenge? Ngati katundu?"

"Miyezi itatu yokha, kapena kupitirirako pang'ono. Agona m'chipinda cha ana, anawo agona pabalaza. Inu mutsale kuno ndi nyumba ndi makasitomala anu, malo sangatikwane tonse."

Chikwatirane Mayi Wailesi ndi amuna ake sanagonepo nyumba zosiyana, kupatula masiku amene ankakachira kuchipatala ndi milungu itatu ya sitiroko ija, pomwenso iye ankagona pa benchi panja pa wodi. Ndipo ankadziwa mmene "miyezi itatu yokha" imathera nkhalamba ikatengedwa ndi ana ake. Anali atasokerapo madiresi akuda amayi awiri amene amuna awo anapita miyezi itatu yokha.

"Afunse eni ake," anatero.

Chisamba anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake. "Ababa, mukufuna kupita nane?"

Aphunzitsi anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana mkazi wawo. "Nyumba," anatero.

"Wamvatu!" Mayi Wailesi analumphira pomwepo. "Akuti sachoka panyumba pawo. Akuti anamanga okha nyumba ino, ndipo sangakagone pa bedi la adzukulu ngati mlendo. Si choncho bambo?"

Aphunzitsi anatseka maso. Chisamba anaimirira n'kusasa siketi yake.

"Chabwino. Ndibweranso Loweruka lomaliza la mwezi uno ndi galimoto. Ngati adokotala anena kuti zikuyenda, ndiwasiya. Ngati ayi, amayi, musadzandione ngati mwana woipa."

Lachiwiri lotsatira linali tsiku la dokotala wa zolankhula. Anali mtsikana wa magalasi, wamng'ono kuposa Chisamba, wolankhula motsitsa. Chipinda chake chinali kumapeto kwa khonde la chipatala, mokhala tebulo, mipando itatu ndi sikelo yakufa imene wina anaisiya pakona. Anaika chithunzi patsogolo pa aphunzitsi n'kuwapempha kuti anene chimene akuona.

"Mayi," anatero aphunzitsi. "Tiyi."

"Akuti mayiyo akuthira tiyi m'kapu," anamalizitsa Mayi Wailesi, "ndipo atayira pa tebulo akapanda kusamala, taonani mmene wagwirira ketuloyo."

Dokotala anaika chithunzi china. Aphunzitsi anati "Galu," Mayi Wailesi n'kumuthamangitsa galuyo mpaka kuseri kwa nyumba. Pa chithunzi chachitatu dokotala anaika cholembera pansi n'kuvula magalasi.

"Amayi, mundikhululukire, ndine mwana kwa inu. Koma wodwala wanga ndi uti pamenepa?"

"Si awa?"

"Ndiye chiyambireni ine ndikumva inu. Abambowa timawu tating'ono tija sanatitayiretu. Tilimo, koma njira yokatitenga ndi imene yawonongeka, ndipo ayenera kuilambula okha. Zimatenga nthawi. Mwina liwu limodzi mphindi yathunthu. Inu mukawapatsa liwulo asanalipeze, iwo amasiya kufunafuna. Mukuwathandiza ndi mtima wonse, ndikuona, koma thandizo lakelo ndi limene likuwabweza m'mbuyo."

"Ndiye nditani? Ndizingowayang'ana akuvutika?"

"Eya. Muziwayang'ana, muzidikira."

Mayi Wailesi anatuluka m'chipindamo makutu akutentha. M'basi sanalankhule mpaka siteji yachiwiri, zimene kwa iye zinali ngati kusala kudya. Kenaka anayamba: kamtsikana kobadwa dzulodzuloli, kopanda ndi mphete yomwe, kakamuphunzitse iye kusamala mwamuna? Aphunzitsi ankangoyang'ana pawindo. Atafika kunyumba anawakhazika pa mpando wawo, iye n'kukakhala kuseri kwa makina, ndipo m'pamene misozi inabwera. Sankalira chifukwa chonyozedwa ayi. Ankalira chifukwa mumtima ankadziwa kuti kamtsikanako kanena zoona, ndiponso kuti pakamwa pake pomwepo ndi pamene pakanamuchotsera mwamuna panyumba.

Anayesa kudikira. Mulungu ndi mboni, anayesa. Ankaluma lilime, ankawerenga mabatani a malaya a aphunzitsi, ankatsina ntchafu yake. Koma aphunzitsi akangoti "Nsapato," n'kuyamba kufinya nkhope pofunafuna liwu lotsatira, mawu ankangotuluka okha mwa iye ngati mkaka wosefukira pamoto. Masiku atatu anatha choncho, ndipo kalendala ya pakhoma sinkadikira munthu.

Lachisanu masana ankapinda diresi ya kasitomala imene anaiveka pa chidole chake choyezera. Anali atagwada pansi, mapini asanu ndi limodzi ali pakamwa. Aphunzitsi anali pa mpando wawo pafupi ndi chitseko, nyuzipepala ili pamiyendo.

"Magalasi," anatero.

Mayi Wailesi anafuna kuyankha, koma manja onse anali pa nsalu, ndipo munthu amene ali ndi mapini pakamwa salankhula ngati akuufuna moyo. Anangoti "Mmm."

"Magalasi. Tebulo."

"Mmm."

Aphunzitsi anapuma mozama. Chala cha dzanja lamanzere chinayamba kugogoda pa mkono wa mpando, pang'onopang'ono. Panja panadutsa njinga yamoto. Chala chinagogodabe. Thukuta linatuluka pamphumi pawo.

"Magalasi... pa... pa tebulo."

Mayi Wailesi anatsala pang'ono kumeza mapini onse. Kaliwu kamodzi, ka zilembo ziwiri, koma kanali koyamba m'miyezi inayi. Analavulira mapini m'dzanja n'kuthamanga kukatenga magalasiwo, ndipo powaveka anawalasa nawo khutu. Aphunzitsi anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, maso ali mbee ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Tsiku lomwelo anakwera pa mpando n'kutsitsa zitini zija pa kabati. Kuyambira pamenepo, ikakwana folo koloko ankaphimba makina, n'kuyala nsalu yoyera pa tebulo lodyera, chitini chachikulu kumanzere, kachitini kumanja. Akatero ankasolola mapini asanu ndi limodzi pa kapilo kamene ankamanga pamkono, n'kuwapana pakamwa, n'kukhala pansi. Aphunzitsi ankatola mawu akuluakulu ndi dzanja lamanzere, kuwandandalika motalikirana, kenaka n'kuyamba kusakasaka m'kachitini tolowa m'mipatamo. Akapeza ankawerenga mokweza, akatha n'kuyesanso m'Chichewa popanda khadi. Mayi Wailesi sankadziwa ngati Chingerezicho chili cholondola kapena ayi. Ntchito yake inali kukhalapo ndi kutseka pakamwa, ndipo sanagwirepo ntchito yolemetsa ngati imeneyo.

Sikuti masiku onse anali okoma. Tsiku lina aphunzitsi anafunafuna kaliwu kena mphindi zambirimbiri, kali pomwepo pansi pa chala chawo, Mayi Wailesi akukaona. Mapeto ake anakankha kachitini ndi mkono, timakadi n'kumwazika nyumba yonse. Iye anagwada n'kuyamba kutola kamodzikamodzi, pansi pa tebulo, kuseri kwa kabati, mapini ali chipanire, misozi ikutsikira m'mphuno. Akutola choncho anamva dzanja likumugwira pa duku.

"Pepa," anatero aphunzitsi.

Limenelo silinali la m'chitini chilichonse, koma analilandira.

Makasitomala anayamba kufunsana ngati Mayi Wailesi akudwala. Mayi wina wogulitsa mazira anachita kubwera ndi mankhwala a zilonda za pakhosi. Aphunzitsi okha ndi amene ankaoneka kuti akusangalala ndi batalo, ndipo m'bata lomwelo zinthu zina zinayamba kutuluka. Madzulo ena kamphepo kakuwomba, anati, "Zenera." Mayi Wailesi anadzuka kuti akalitsegule monga mwa masiku onse, koma anakumbuka, n'kuima pakati pa chipinda. Chala chinagogoda pa mpando.

"Zenera... tseka. Chifukwa... mphepo."

Anangoti kakasi. Miyezi inayi yathunthu wakhala akutsegula zeneralo m'mawa ndi madzulo, n'kumauza alendo kuti abambo amakonda kamphepo, pomwe munthu akuzizidwa! Anatseka zenera n'kuyamba kuseka, aphunzitsi nawo n'kuseka, mpaka onse awiri anatsokomola. Koma akutsuka mbale pambuyo pake kuseka kuja kunamuthera. Ngati analakwitsa za zenera, n'chiyaninso china chimene anawayankhira molakwika? Funsolo analikankhira kumbali, chifukwa ankaopa yankho lake.

Lachiwiri lomaliza dokotala anamvetsera aphunzitsi akufotokoza chithunzi cha mayi wa tiyi uja, Mayi Wailesi ali pakona pafupi ndi sikelo yakufa, mapini pakamwa. Dokotala anawayang'ana mapiniwo n'kumwetulira polemba kalata yopita kwa Chisamba. Anawawerengera asanaimate. Inkati wodwala wayamba kusintha ndipo kunyumba akuthandizidwa bwino, komanso inkati akanapeza dokotala wa tsiku ndi tsiku akanasintha msanga kuposa apa. Mayi Wailesi anafuna kumupempha kuti afufute mzere wachiwiriwo, koma anachita manyazi.

Loweruka Chisamba anafika dzuwa lili pamutu, pa galimoto yaing'ono yotuwa ya mwamuna wake. Anawerenga kalata ija ataimirira, kawiri, n'kuipinda.

"Kalatayi ikunena mbali zonse ziwiri," anatero. "Ndiye ndifunsa ababa. Koma amayi, chonde, ndapota nanu, ayankhe okha."

Mayi Wailesi anakhala pa tebulo, pomwe zitini zinali kale, n'kusolola mapini pa kapilo kake, limodzi, awiri, mpaka asanu ndi limodzi. Chisamba anatsegula pakamwa kuti afunse, koma ataona nkhope ya mayi ake anangokoka mpando.

"Ababa, mwamva zimene adokotala alemba. Mukhala kuno, kapena mupita nane?"

Aphunzitsi anawongola msana. Kuyambira kale nkhani ikakhala yaikulu ankaiyamba m'Chingerezi, kaya ndi ya sukulu fizi, kaya ndi ya mnyamata amene ankazungulira pa geti Chisamba ali namwali. Anakonza kolala ndi dzanja lamanzere.

"I..." anatero, n'kuima. Wotchi ya pakhoma inamveka. "I go."

Liwu limenelo ngakhale Mayi Wailesi ankalidziwa. Linali la m'chitini chachikulu, ndipo linkatanthauza kupita. Anamva ngati wina wamuchotsera mpando. Ndiye kuti tsiku lija, pomwe anati "Nyumba," sankanena zimene iye anawanenera. Ankafuna kupita kuyambira kale, ndipo amene anawatsekera njira ndi mkazi wawo yemwe. Mawu anadzaza pakhosi pake, ambirimbiri: akuphikirani ndani, akusambitsani ndani, masitepe a nyumba yam'mwamba mukakwera bwanji ndi mwendo umenewo, ine ndakulakwirani chiyani? Anapana milomo mwamphamvu mpaka pini imodzi inamulasa, n'kumva kukoma kwa magazi.

Chisamba anapuma ngati watula katundu. "Mwamva nokha, amayi. Sindinawakakamize. Sutikesi yawo ili kuti?" Anayamba kudzuka.

Koma Mayi Wailesi anali ataona chimene mwana wake sanaone. Chala cha aphunzitsi chinali chikugogoda pa tebulo. Milungu itatu ya mapini inamuphunzitsa kuti chala chikamagogoda ndiye kuti munthu sanamalize. Chimene chinkabwera sankachidziwa. Mwina ankafuna kunena kuti apita lero lomwe, mwina ankangofuna chipewa chawo. Komabe mawuwo anali awo, ndipo iye anali atawabera okwanira. Anagwira Chisamba pamkono n'kumukokera pansi pa mpando.

"Amayi, n'chiyani?"

"Mmm," anatero Mayi Wailesi, akuloza chalacho ndi maso.

Anadikira. Panja mwana wa aneba ankaitana galu. Chisamba anayang'ana foni yake, mayi ake n'kumufinya mkono, iye n'kuitembenuza. Aphunzitsi anakoka kachitini, anavutika ndi chivindikiro chopindika chija, ndipo palibe anawathandiza. Anakhuthulira timakadi pa nsalu yoyera n'kuyamba kutisuntha ndi chala, aka ayi, aka ayi. Kenaka anakankhira kamodzi pakati pa tebulo. Mayi Wailesi anakazindikira asanakawerenge n'komwe, poti pakona pake panali popotoka pomwe sizasi yobuntha ija inatafuna katoni.

"But," anatero aphunzitsi.

Koma. Koma chiyani? Thukuta linkatsika m'masaya mwa aphunzitsi, mtsempha wa pakhosi utaima. Chala chinabwereranso m'timakadi muja. Chinadutsa kamene kankafunika kawiri konse, ndipo Mayi Wailesi anatseka maso kuti angakaloze nawo. Atatsegula anapeza kali pakati pa tebulo, pambali pa kanzake.

"With," anatero aphunzitsi. Anasiya makadi, anasiya Chingerezi, n'kutembenuka thupi lonse kuyang'ana mkazi wawo. "Ndipita. Koma... ndi... iwe."

Chisamba anagwira pakamwa.

"Ababa, nyumba ija ndi yaing'ono," anatero motsitsa. "Ndiye makina awo? Amayi sangakhale tsiku limodzi opanda makina."

"Makina," anatero aphunzitsi. Chala chinagogoda, ndipo ulendo uno Chisamba anadikira yekha osagwidwa mkono. "Pa... khonde."

Chisamba anaseka misozi ili m'maso. Kunyumba kwake kunalidi kakhonde kakang'ono koyanikapo zovala. "Mwaganiza kale zonse, eti? Kuyambira liti?"

"Kale," anatero aphunzitsi.

Mayi Wailesi anachotsa mapini limodzilimodzi n'kuwabwezera pa kapilo. Anali ndi manyazi, anali ndi chimwemwe, ndipo zonse ziwiri zinkamuwawa mofanana. Nyumba iyi anali atalumbira kuti sadzaisiya, makasitomala ake anali atawasokera zaka makumi awiri, ndipo mumzinda waukulu sankadziwamo munthu. Anapeza kuti zonsezo sizikulemera monga ankaganizira. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, kupepesa kapena kuvomera, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire panalibe liwu limene linabwera. Aphunzitsi anatambasula dzanja lamanzere n'kumupukuta kadontho ka magazi pa mlomo ndi chala chachikulu. Anamuyang'ana kanthawi, mbali yamoyo ya pakamwa pawo ikukwera.

"Wailesi," anatero. "Mabatire."

"Iii, inunso bambo!" Mawu anabwerera onse nthawi imodzi. "Munthu wangoyamba kulankhula dzulodzuloli, wayamba kale chipongwe! Chisamba, usangokhala pamenepo, tenga tepi uko ukayeze kumbuyo kwa galimoto yakoyo. Makinawa mutu umachoka, miyendo tiimanga pamwamba. Kiyi tisiya kwa mayi wa mazira uja. Diresi ya eni ake iyi ndimaliza lero, asadzati ndinathawa nayo."

Analongedza mpaka dzuwa linapendeka. Chitini chachikulu chinalowa m'katoni pamodzi ndi nsapato ndi mabuku, Chisamba n'kuchikankhira pansi pa mpando wa galimoto. Atabwerera kudzatenga kachitini anapeza mayi ake atatola kale timakadi tonse pa tebulo, akuyang'ananso pansi ngati pagwera kena.

"Bweretsani ndikaike m'katoni momwemo, amayi."

"Ayi, aka ndinyamula ndekha," anatero Mayi Wailesi. Anakanikiza chivindikiro chopindika chija, anakakulunga m'kansalu, n'kukaika m'chikwama chake cha m'manja. "Timawu tating'onoti sitichedwa kusowa."